Mlandu wa Nsalu Yopukutira

3 Meyi

Okondedwa achemwali,

MUTU: KUIMITSIDWA KWANGA PA NTCHITO

Choyamba landirani moni wochokera kwa ine mlongo wanu. Ndili ndi chikhulupiriro kuti nonse muli bwino, ndiponso kuti mwendo wa alamu uja unasiya kutupa. Ine m'thupi ndili bwino, koma mumtima ayi ndithu, monga mumvere m'munsimu.

Ndalemba kalatayi pofuna kukudziwitsani kuti kuyambira dzulo ndaimitsidwa pa ntchito yanga ya umesenjala, imene ndaigwira zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi (19). Foni ya ofesi andilanda, n'chifukwa chake ndatumiza kudzera kwa adalaivala a basi ya m'mawa. Yankho mupereke kwa iwo omwewo, ndidzalitenga pa depoti.

Nkhani inayenda motere. Monga mukudziwa, kampani yathu imapanga makina a m'zipatala, osungira mayina ndi matenda a odwala. Tsikulo kunkabwera alendo ofuna kugula, ndipo makina achitsanzo anaikidwa pa tebulo lalikulu la m'chipinda cha misonkhano. Bwana woyang'anira ntchitoyi, amene tonse timawatchula kuti a Fulumirani chifukwa ndiwo mawu okhawo otuluka pakamwa pawo, anandiuza kuti, "A Mesenjala, m'chipinda umo muwale. Ndisaone fumbi ngakhale pa waya."

Ndinasesa, ndinakolopa, ndinapukuta mawindo ndi mipando khumi ndi iwiri. Pomaliza ndinaona kuti pa mabatani a makina aja pali nyenyeswa za bisiketi, pakuti akatswiri athu amadyera pomwepo ngati nkhuku. Ndinatenga nsalu yanga yachikasu, youma, n'kupukuta kuchoka kumanzere kupita kumanja katatu, monga ndimachitira pa makompyuta onse. Pagalasi panadzaza timadontho takuda mzere wathunthu, kenaka panatuluka zolemba zoyera zambirimbiri, makinawo n'kuuma gwa. Atawayatsanso anakana kutsegula. Akuti zonse zimene anakonza kwa milungu itatu zatsekeredwa m'katimo, ndipo kiyi wake wafa.

A Fulumirani anakuwa pamaso pa anthu onse kuti, "Taonani! Munthu wosatha sukulu wapha makina a akatswiri ndi sanza!" Anthu anaseka, achemwali, anthu omwewo amene ndimawatsukira makapu okhala ndi nkhungu. Nsalu yanga anaiika mu envelopu n'kulembapo kuti UMBONI.

Chimene chandinyansa koposa ndi ichi. Mwana wanu, Injiniya wathu, anali pomwepo, pakuti ndi mmodzi wa olemba za m'kati mwa makinawa. Anayang'ana pagalasi, anajambula ndi foni yake, n'kutuluka osandiponyera ngakhale diso. Ndikudziwa kuti tinagwirizana kuti pa ntchito asamanditchule amalume, kuopa kuti anthu anganene kuti analowa chifukwa cha chibale. Koma pangano lija sitinapangane kuti lifike mpaka apa.

Mlandu wanga udzamvedwa pa 26 mwezi uno. Ndikupempha malangizo anu mwamsanga.

Ndine mlongo wanu wokhulupirika,
Mesenjala

*

7 Meyi

Achimwene,

Moni wanu tamulandira. Alamu anu mwendo ukadali ngati mtsamiro, koma pakamwa pokha pali bwino, akulankhula mpaka kutitopetsa.

Kalata yanu adalaivala andipatsa ndili ndi mopu m'manja, ndaiwerengera pa khonde la chipatala pompano. Ndikanamuimbira mwanayo n'kumusambitsa chokweza, koma foni yanga inagwera m'ndowa ya madzi okolopera mwezi watha, ndipo iye amene analonjeza kunditumizira ina ali zii. Ndiye ndamulembera. Zimene ndalembazo sindingazibwereze kwa inu, ndinu aakulu.

Zoona mwana amene munkamunyamula paphewa kuwoloka naye madzi popita ku sukulu lero akulambalaleni ngati mpando? Sukulu ija inalowa m'mutu n'kutulutsa zonse zimene tinaikamo ife.

Za malangizo, achimwene, mabwana ndimawadziwa, kuno alikonso. Akakwiya safuna chilungamo, amafuna munthu woti awerame. Tsiku lina ndinaswa botolo la mankhwala limene linali long'aluka kale. Ndinati ndifotokoze, zinthu zinangoipiraipira. Nditati pepani, nkhani inathera pomwepo. Inu kulemba makalata mumatha, aja a mitu ndi manambala. Lembani yopepesa, muvomere, musadikire tsiku la mlandu. Pa msinkhu wanuwo ntchito ina mukaipeza kuti?

Mundiuze ngati mukudya.

Mlongo wanu

*

9 Meyi

Amayi,

Muli bwanji? Ababa mwendo uli bwanji? Kalata yanu yonditukwana ndailandira, ndipo zina mwa zimene mwanenazo ndi zoona. Koma werengani kaye iyi mpaka kumapeto.

Amalume sanaphe makina. Cholakwika chili m'zimene ndinalemba ine.

Ndifotokoze. Munthu akalemba mawu achinsinsi pa makina athu, mawuwo amapita m'katikati, m'gawo limene timati kenelo. Ndilo limalamulira makina onse, ndipo likagwa zonse zimagwa. M'menemo ndi mmene timakhomera zolemba za odwala, kuti wakuba akaba makina asathe kuwerenga kanthu. Ine ndinakonzamo malo okwana zilembo 32. Ndinayenera kulemba mizere yofunsa kaye kuti zilembo zabwerazi ndi zingati, zikapitirira n'kuzikana pakhomo pomwepo. Sindinalembe. Ndinawauza a Fulumirani mu Febuluwale kuti mbali imeneyi sinathe, iwo anati, "Ndi nesi uti angalembe zilembo 33? Fulumirani!" Inenso ndinangoti chabwino, n'kusiya.

Nsalu ya amalume inatumiza zilembo zoposa 400. Zinasefukira n'kugwera pamalo oyandikana nawo, pamene pamakhala kiyi wamkulu wa zonse, ndipo makina anasunga zinyalalazo ngati kuti ndiye kiyi. Ndinajambula pagalasi paja chifukwa zolemba zoyerazo zinkatchula mzere wanga. Sindinawayang'ane amalume chifukwa cha manyazi, osati chifukwa chowanyoza. Choopsa china n'chakuti munthu wochenjera atadziwa zimenezi angathe kusankha zilembo zosefukirazo mwadala n'kudzitsegulira makina a chipatala chilichonse.

Ndikulemba lipoti lopita kwa Bwana Wamkulu. A Fulumirani akulimbana nalo, chifukwa likavomerezedwa makina 200 amene ali m'mabokosi ayenera kutsegulidwa onse. Chimene akufuna iwo ndi pepala limodzi lokha lonena kuti wolakwa ndi wopukuta. Ndiye chonde, chonde, muwauze amalume kuti asalembe kanthu, asasaine kanthu, asapepese kwa aliyense mpaka pa 26.

Mufunsa kuti bwanji osawauza ndekha. Foni anawalanda. Ndinapita kumene ankakhala kuja, eni nyumba anandiseka, akuti anasamuka chaka chatha. Kumene ali pano sindikukudziwa. Tukwanani, ndikudziwa kuti mutukwana.

Foni yanu ndinagula, ndikungosowa womupatsira.

Mwana wanu

*

11 Meyi

Achimwene,

Moni. Ndikulemba mothamanga basi isanadutse. MUSALEMBE kalata ndinakuuzani ija. Ngati mwalemba, ing'ambeni. Mwana wandilembera, akuti mlandu si wanu, ndi wa makina amene amameza chilichonse osafunsa, ndipo bwana wanu uja akungodikira pepala lanu kuti abisalepo.

Ndaganizanso izi. Makina amenewo akuti abwera m'zipatala ngati chathu chino. Ife kuno timapukuta chilichonse ndi mankhwala kawiri pa tsiku, ndi lamulo, ngakhale chogwirira cha chitseko. Ndiye akafika, woyamba kuwapha ndi ndani? Si ine?

Mwanayo akuti sadziwa kumene mukukhala. Tawuni imodzi, ofesi imodzi, khomo la amalume ake osalidziwa! Ndamuuza za pa depoti.

Mlongo wanu

*

13 Meyi

Okondedwa achemwali,

MUTU: KUTSATIRA MALANGIZO ANU A PA 7 MEYI

Landirani moni. Ndikukhulupirira kuti alamu akupezako bwino. Za kudya musade nkhawa, ndikudya ndithu. Lero ndafika pa depoti koma adalaivala akuti palibe kalata ina, choncho ndikusiya iyi.

Ndine wokondwa kukudziwitsani kuti malangizo anu ndawatsatira. Poyamba mtima unkakana, pakuti ndinapukuta motsatira lamulo. Koma Lachitatu ndinapita pa geti la kampani kukatenga jekete langa. Alonda atandiona anaimirira n'kuchita sawatcha, akuti, "Wakupha makina wafika, bisani mawailesi!" Ndinaseka nawo mwaulemu chabe.

Kenaka anatuluka amayi ophika tiyi. Iwowo amalowa m'misonkhano yonse ndi thireyi, ndipo mabwana amaiwala kuti ali ndi makutu. Anandikokera kuseri kwa kanyumba ka alonda nati, "A Mesenjala, nkhani yanu yatembenuka. Akuti chilema chili m'zolemba za mtsikana wa magalasi uja. A Fulumirani amuuza kuti ngati si wopukuta ndiye ndi iyeyo, asankhe yekha."

Achemwali, sadziwa kuti mtsikana wa magalasiyo ndi magazi anga. Pamenepo ndinamvetsa chifukwa chimene mwana sanandiyang'anire: mantha. Ine ndatsala ndi zaka zochepa, iye ndi kumene wayamba. Ndinagula mapepala a mizere n'kulemba katatu mpaka inatuluka yopanda chofufuta. Nayi mmene ndinailembera:

"Kwa Bwana Wamkulu, kudzera kwa Woyang'anira Ntchito. MUTU: KUVOMERA KULAKWA. 1. Ine Mesenjala wa kampani ino ndikuvomera kuti pa 2 Meyi ndinakhudza makina achitsanzo ndi nsalu. 2. Ndikuvomera kuti kuwonongeka konse kunachokera m'manja mwanga mokha, ndipo palibe wantchito wina aliyense amene ali ndi mbali pa nkhaniyi. 3. Ndikupempha chikhululukiro modzichepetsa."

Mfundo yachiwiriyo ndinailemba mosamala kwambiri, inunso mukuona chifukwa chake.

Ndinakapereka dzulo. A Fulumirani anatsika okha mpaka pa geti, chinthu chimene sanachitepo. Anawerenga kawiri, anandigwira chanza ndi manja awo onyowa thukuta, nati, "A Mesenjala, anthu akale ndinu aulemu. Ana a masiku ano bwenzi akukangana." Anandiuza kuti za pa 26 zidzakhala zongokwaniritsa mwambo wa ofesi. Kunena zoona nditachoka ndinasamba m'manja pa mpope wa alonda, sindikudziwa chifukwa chake. Koma nkhani yatha, ndipo mwana wapulumuka.

Musamuuze kuti ndinachitira iye.

Ndine mlongo wanu wokhulupirika,
Mesenjala

*

16 Meyi

Amalume,

Muli bwanji? Amayi andiuza kuti makalata mumatengera pa depoti, ndiye iyi ndasiya kwa adalaivala.

Mwachita chiyani, amalume? Lipoti langa la masamba asanu ndi atatu landibwerera dzulo. Pamwamba pake amatapo fotokope ya kalata yanu, ndipo a Fulumirani alemba ndi cholembera chofiira kuti, "Chifukwa chapezeka. Nkhani yatsekedwa." Mfundo yanu yachiwiri aidula mzere kunsi kawiri.

Mukudziwa mmene akonzera vutoli? Asindikiza timapepala tomata 200 tolembedwa kuti OSAPUKUTA MABATANI. Dzulo masana akatswiri asanu ndi mmodzi, anthu a madigiri, tinakhala pansi m'chipinda chosungira katundu tikumata timapepala pa mabokosi. Kukonza kwenikweni ndi mizere itatu, ndinailemba kale, inanditengera mphindi khumi. Andiletsa kuilowetsa, akuti kusintha kenelo kumafuna kuyesanso zonse kwa milungu iwiri, ndipo galimoto yonyamula ikubwera pa 30.

Alemberanso ogula aja kuti makina alibe vuto, anawonongedwa ndi wantchito wosaphunzira, ndipo aphatikizapo kalata yanu ngati umboni. Dzina lanu lili m'maofesi a anthu amene simunawaonepo.

Ndikudziwa kuti ndinakulakwirani, ndipo si tsiku lija lokha. Loweruka ndidzakhala pa benchi la pa depoti kuyambira m'mawa mpaka mudzabwere.

Mwana wanu

*

21 Meyi

Okondedwa achemwali,

MUTU: KALATA YOCHEDWA, NDI KUKUMANA NDI MWANA

Landirani moni. Ndikufunsa za alamu monga mwa nthawi zonse.

Kalata yanu ya pa 11 ndailandira dzulo pa 20. Adalaivala anaipeza pansi pa mpando wawo, itanyowa mafuta, itamatirira ku pepala la switi. Anandipatsa akuseka, akuti, "Akulu, makalata anu achuluka, mwapeza chibwenzi kodi?" Nditaiwerenga ndinafuna kuwapaka nayo kumaso, koma ndinadziletsa. Ikanafika pa nthawi yake, kalata yanga ikanakhala ikadali m'thumba. Sindikukuimbani mlandu. Cholembera ndinagwira ndine.

Anandipatsanso ya mwana, ndipo ndisanaimalize ndinamuona mwini wake pa benchi, atanyamula kabokosi ka foni yanu. Ndapereka kwa adalaivala pamodzi ndi kalata ino. Mufufuze pansi pa mpando.

Mwana anagwada pa simenti ya pa depoti, anthu akuona. Ndinamuuza kuti adzuke, siketi ida. Zokambirana zathu zinali motere.

Iye anati, "Amalume, ndani anakuuzani kuti mundipulumutse?"

Ine ndinati, "Amalume sadikira kuuzidwa."

Iye anati, "Ndiye mwapulumutsa a Fulumirani. Ine mwandisiya ndi makina 200 amene ndikudziwa kuti ndi odwala, ndipo dzina langa lili m'kati mwake."

Ndinamufunsa kuti kodi nsalu ija ndikanainyowetsa, kapena ndikanapukuta kamodzi m'malo mwa katatu, zikanasintha? Anaseka koyamba, nati, "Amalume, ngakhale mphaka atagonapo. Ngakhale mwana wodwala atatsamirapo chigongono. Makina amene ali m'chipinda cha anthu ayenera kuyembekezera kuti adzalandira zopanda pake, n'kuzikana mwaulemu osafa. Imeneyo inali ntchito yanga, osati ya nsalu yanu."

Achemwali, kwa milungu itatu ndakhala ndikuyang'ana manja angawa ngati a wakuba. Pamenepo mpamene ndinamva kunyansidwa kwenikweni, pokumbukira chanza chija cha pa geti.

Anandipempha kuti ndilembe kalata yobweza kuvomera kwanga. Ndinamufotokozera kuti malinga ndi mmene ndikudziwira za maofesi, kalata yosainidwa ndi kudindidwa siibwezedwa. Iye anati, "Nanga ya bodza?" Ndinati sindinaname, nsalu ndinagwiradi. Iye anati, "Werenganinso mfundo yachiwiri." Sindinafunike kuiwerenganso, pakuti ndimaidziwa pamtima.

Ndinamuchenjeza kuti ndikabweza, mlandu ugwera iye. Anati akudziwa, ndipo anandiperekeza mpaka kunyumba kuti aone khomo. Anakhala pa mpando wanga umodzi uja, ine pa bedi, ndipo kalatayo tinalemba limodzi. Iye ankafuna mizere iwiri yokha. Ine ndinakana, kalata ya ofesi iyenera kukhala ndi mutu.

Mutipempherere Lachisanu.

Ndine mlongo wanu wokhulupirika,
Mesenjala

*

27 Meyi

Okondedwa achemwali,

MUTU: ZOTSATIRA ZA MLANDU

Landirani moni, ndipo alamu muwapatsire. Ngati foni yafika musandiimbire, ndilibe poyankhira. Werengani zonse mwadongosolo.

Mlandu unamvedwa dzulo m'chipinda chomwe chija cha misonkhano. Pa tebulo panali mabwalo a makapu osapukutidwa, ndipo m'bini munali nthochi yowola imene inanunkhitsa chipinda chonse. Panali Bwana Wamkulu, a Fulumirani, ndi amayi oona za antchito. Envelopu ya UMBONI inali pakati.

Ndinapereka kalata yanga yobweza. A Fulumirani anati, "Iyi ndi nthabwala. Dzana wavomera, lero wakana, mawa adzati makina anadzipha okha." Pamenepo mwana analowa atanyamula makina awiri, amodzi akadali m'bokosi lake lomata kapepala kaja. Anayamba ndi kunena kuti, "Bwana, musanamve zina, awa ndi amalume anga, alongo awo a mayi anga. Ndinabisa, ndipo ndinalakwa." A Fulumirani anawomba m'manja nati, "Ehe! Ndi za pachibale!"

Mwana anangotsegula bokosi, anayatsa makina, n'kupempha Bwana Wamkulu kuti iwo eni adinde batani limodzi ka 33 ndi chala chawo. Bwanayo anadinda akuwerenga mokweza ngati mwana wa sukulu. Atamaliza n'kutumiza, zolemba zoyera zija zinatuluka, makina n'kuuma gwa. Nsalu inali ikadali mu envelopu.

Kenaka mwana anayatsa achiwiri, amene analowetsamo mizere yake itatu. Bwana anadinda ka 33, ka 50, mpaka anagoneka dzanja lonse. Makinawo ankangolemba kuti mawu atalika, yesaninso.

Bwana Wamkulu anafunsa kuti ndani analemba mbali yolakwikayo. Mwana anati ndine. Anafunsa ngati ananenapo kale. Mwana anatulutsa uthenga wa mu Febuluwale, wokhala ndi yankho la a Fulumirani. Iwo anayamba kuyang'ana m'foni mwawo ngati muli maliro. Bwana analamula kuti mabokosi onse atsegulidwe, mizere ilowe, galimoto idikire, ndipo nkhaniyi isatuluke m'chipindamo. Mwana analandira chenjezo la pakamwa. A Fulumirani sanalandire kanthu.

Ine ndinaganiza kuti zanga zatha bwino. Koma amayi oona za antchito anandikankhira pepala losindikizidwa kale, nati, "A Mesenjala, Lolemba muyambe ntchito. Ingosainani apa." Ndinapempha kuti ndiwerenge kaye. Anayang'anizana, pakuti chiyambire sindinapemphepo zimenezo. Ndinawerenga ndi chala, pang'onopang'ono monga mukundidziwira, iwo akugwedeza miyendo. Linali chenjezo lomaliza. Linkanena kuti ndikutsimikiza kalata yanga ya pa 12 Meyi, kuti ndinawononga katundu chifukwa cha kusasamala, ndipo kuti sindidzalowanso m'chipinda chilichonse chokhala ndi makina.

Ndinafunsa kuti, "Bwana, si inu mwawapha ndi chala chanu pompano?"

Iwo anati, "Mdala, mvetsani. Ogula tinawauza kale kuti anali wopukuta. Tikasintha mawu lero adzati makina athu ndi osadalirika, ndipo tonse muno tidzakhala pa msewu, mwana wanuyu woyamba. Tikonza mwakachetechete. Inu simutaya kanthu."

Amayi aja anawonjezera kuti, "Ndi pepala chabe, a Mesenjala."

Ndinawayankha kuti, "Amayi, ntchito yanga zaka zonsezi yakhala kunyamula mapepala. Ndimadziwa kumene amapita, ndipo sindinaonepo limene linafa."

Ndinapempha kuti andibwezere kalata yanga yoyamba ija. Anakana, akuti ili m'faelo. Ndinapempha kuti yachiwiri itumizidwe kwa ogula. A Fulumirani anaseka m'mphuno. Pamenepo ndinatembenuza pepala lawo, n'kulikankhira kwa amayi aja, cholembera pamwamba. Anandiuza kuti ndikakana ndiye kuti ndadzichotsa ndekha. Ndinati ayi, mundichotse ndinu, ndipo mulembe chifukwa chake chenicheni. Mpaka pano akuganizabe cholemba. Makiyi khumi ndi anayi (14) ndinapereka kwa alonda, ndipo tinawerenga limodzi. Ulendo uno sanachite nthabwala.

Mwana ananditsatira mpaka pa msewu, akulira ndi ukali, akuti nayenso asiya Lolemba. Ndinamuletsa monga amalume ake. Ndinamuuza kuti akasiya iye, mabokosi aja adzawatsegula ndani, ndipo ndani adzaone ngati m'katimo mulibe malo ena omeza zinthu osafunsa? Anavomera kuti alipo awiri amene akuwakayikira. Ndinamuuza kuti abwerere akawaone. Musamukalipirenso, wakwana.

Choncho ndikukudziwitsani kuti ndifika Lachitatu pa basi ya m'mawa, ndi sutikesi imodzi, matiresi ndi mpando. Ndikupempha kuti muchotse matumba m'chipinda cha kuseri chija. Alamu muwauze kuti sindidzakhala wongodya, mpanda wawo wakugwa uja ndidzaukonza.

Pomaliza, anthu akafunsa musanene kuti achimwene apuma pa ntchito chifukwa cha ukalamba. Muwauze kuti anandichotsa. Chifukwa chake ndidzafotokoza ndekha kwa aliyense wofuna kumva, kuyambira pachiyambi.

Ndine mlongo wanu wokhulupirika